Kumwamba kulipo ngakhale mumzinda

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za chinthu chomwe chili pamwamba pathu usiku uliwonse koma sichipeza malo m'nyuzi, ndicho kuyang'ana nyenyezi. Sindikunena zija zoti wobadwa mwezi wakutiwakuti apeza chibwenzi sabata ino, ayi. Ndikunena za kutuluka panja, kukweza maso, n'kudziwa chomwe ukuonacho.

Nthawi zonse ndikauza anthu kuti ndimachita zimenezi, yankho limakhala limodzi: mumzinda muno mungaonenso chiyani ndi magetsi onsewa? Akunena zoona, koma pang'ono chabe. Kuwala kwa magetsi a mumsewu ndi a pazikwangwani kumamwazikira m'mwamba n'kuphimba nyenyezi zosawala kwambiri. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2016 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse padziko sathanso kuona Mlalang'amba ali kwawo. Ine ndili m'gulu limenelo. Koma Mwezi sugonja kwa magetsi. Nthanda, yomwe asayansi amati Venus, sigonja. Mapulaneti a Jupiter, Saturn ndi Mars ndi chimodzimodzi. Sirius, nyenyezi yowala kuposa zonse usiku, imaoneka ngakhale uli pafupi ndi malo omwetsera mafuta. Zimenezi n'zokwanira kumusunga munthu panja kwa zaka.

Ndinayamba molakwika, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba kalatayi. Ndinathamangira kugula telesikopu yomwe pabokosi pake analemba kuti imakulitsa zinthu kambirimbiri. Miyendo yake inali yowonda ngati ya udzudzu. Kungoikhudza pang'ono, Mwezi unkavina n'kuthawa. Ndinatha mausiku atatu ndikusakasaka Jupiter osamupeza, khosi lili gwa, kenako ndinaibweza m'bokosi. Pambuyo pake ndi pomwe wina anandifotokozera kuti chofunika pa telesikopu si nambala yokulitsayo, koma kukula kwa galasi losonkhanitsa kuwala ndi kukhazikika kwa miyendo. Ndikanafunsa anthu kaye, ndalama zanga zikanapulumuka.

Anthu ofunsawo ndinawapeza mochedwa. Ndi kagulu kochepa komwe kamakumana kamodzi pamwezi pabwalo losewerera mpira, kutali pang'ono ndi getsi la mumsewu. Palibe katswiri wa kuyunivesite pakati pathu, kupatula mphunzitsi mmodzi wa sayansi yemwe amabwera ndi ana ake asukulu akapeza mpata. Tsiku langa loyamba ndinayatsa tochi ya foni kuti ndione pomwe ndikuponda, ndipo onse anadandaula pamodzi. Mayi wina anandikokera pambali n'kundiuza mwaulemu kuti maso amafuna mphindi 20 kapena 30 kuti azolowere mdima, ndipo kuwala koyera kumafafaniza zonsezo nthawi yomweyo. Iwo amakulunga kapepala kofiira kutsogolo kwa tochi. Kenako anandipatsa zoonera patali za manja awiri zija, zolembedwa 10x50, nati nditsamire zigongono pamtengo wa golo kuti ndisanjenjemere. Pambali pa Jupiter panali timadontho tinayi tondondozana. Imeneyo ndi miyezi yake, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, yomwe wasayansi Galileo anaiona mu Januwale 1610 ndi kachipangizo kofooka kuposa zambiri zomwe zikugulitsidwa lero. Mawa lake ndinabwereka zoonera zomwezo, ndipo timadontho tija tinali titasintha malo.

Koma chomwe sindidzaiwala ndi mlonda wa pabwalopo. Kwa miyezi ingapo ankangotiyang'anira chapatali, mwina akuganiza kuti tasokonekera mitu. Usiku wina tinamuitana kuti adzaone Saturn. Anavula chipewa, anawerama, anakhala chete kanthawi, kenako anazungulira kukasuzumira kutsogolo kwa telesikopu.

"Akuluakulu, mwamatamo chithunzi umu eti?"

Tinamuuza kuti adikire osakhudza kalikonse. Patapita kamphindi Saturn ndi mphete yake anali atasendera m'mphepete, chifukwa dziko lathuli likuzungulira. Chithunzi chomata sichiyenda. Titamuuza kuti kuwala komwe kwalowa m'diso lake kwayenda kupitirira ola lathunthu kuchokera kumeneko, anangopukusa mutu. Masiku ano ndiye amayamba kutifunsa kuti mwezi uno tikumana liti.

Zotengera telesikopu kwa anthu odutsa sitinayambe ndife. John Dobson anayamba kuimika yake m'mbali mwa misewu ya San Francisco ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mtundu wa telesikopu yosavuta kupanga yomwe anaitchukitsa umatchedwa ndi dzina lake mpaka pano. Ndipo asatinamize wina kuti anthu wamba amangosangalala basi osathandiza sayansi. Thomas Bopp, mmodzi mwa awiri omwe anatulukira nyenyezi ya mchira ya Hale-Bopp mu Julaye 1995, analibe ndi telesikopu yomwe. Ankaonera ya mnzake. Mu 2009 Anthony Wesley wa ku Australia, akujambula Jupiter kunyumba kwake, anaona chipsera chakuda chomwe chinasonyeza kuti china chake chawomba pulanetiyo, ndipo akatswiri anatembenuza makina awo akuluakulu atamva kwa iye.

Wofuna kuyamba asagule kanthu. Aike pulogalamu yaulere ya Stellarium pafoni kapena pakompyuta, imuuze chomwe chili pamwamba pake usiku umenewo. Ayambe ndi Mwezi, koma osati uli wathunthu, chifukwa pamenepo umangothobwa m'maso ndipo umaoneka wosalala. Nthawi yabwino ndi pomwe waoneka theka, patatha pafupifupi sabata chiukhalireni. M'malire a mbali yowala ndi yamdima, mithunzi imatalika ndipo maenje ndi mapiri zimaonekera bwino lomwe. Akazolowera, ayese kudikirira International Space Station, siteshoni ya asayansi ya m'mlengalenga, yomwe imauluka pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 n'kuzungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90. Imadutsa ngati nyenyezi yowala yosaphethira, kwa mphindi zochepa, madzulo kapena m'bandakucha. Muli anthu mmenemo, ndipo ana akamva zimenezi amaibayibitsa.

Chenjezo limodzi lokha ndilinene mosabisa: Dzuwa asaliyang'ane ndi zoonera patali kapena telesikopu yopanda chotchinga chake chenicheni, ngakhale pa kadamsana. Magalasi akuda wamba sateteza. Diso limapsa munthu osamva kuwawa.

Tsono pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi ili. Vuto lathu lalikulu si magetsi, koma kusadziwana. Ndikukhulupirira kuti alipo ena mumzinda uno omwe telesikopu zawo zili pansi pa bedi monga inalili yanga, ndi aphunzitsi omwe angakonde kubweretsa ana koma sadziwa kuti tilipo. Tipatseni kadanga kakang'ono kamodzi pamwezi, mizere khumi yokha, kolengeza zomwe zioneke kumwamba ndi komwe anthu akukumana. Nkhani sizingasowe. Chaka chilichonse kuyambira pa 4 mpaka pa 10 Okutobala kumakhala World Space Week, sabata yokumbukira zamlengalenga, yomwe bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 1999 pokumbukira Sputnik 1, setilaiti yoyamba, yomwe inaponyedwa m'mlengalenga pa 4 Okutobala 1957, ndi pangano la mayiko la zamlengalenga lomwe linayamba kugwira ntchito pa 10 Okutobala 1967. Cha pa 13 ndi 14 Disembala kumagwa nyenyezi zothothoka za Geminid, zomwe zowala zake zimaoneka ngakhale mumzinda ngati kulibe mitambo. Masiku a kadamsana amadziwika zaka zambiri asanafike, choncho palibe chifukwa choti owerenga azidzidzimuka nawo.

Kwa oyang'anira masukulu ndi mabwalo, tikungopempha chilolezo cholowa madzulo ndi kuzimitsa getsi limodzi kapena awiri kwa maola awiri. Mizere khumi ija tidzalemba tokha ndi kukutumizirani nthawi yabwino, inu mudzangoona ngati Chichewa chake chili bwino.

Ine wanu,
Wokonda nyenyezi