Lipoti la msonkhano wa ku Blantyre wokhudza kasankhidwe ka makontilakitala

Wapampando, mafumu athu ndi mamembala onse a komiti ya chitukuko ya dera lathu kuno ku Mulanje, ndikupereka lipoti la msonkhano wa masiku awiri umene munandituma ku Blantyre, kumene akuluakulu oona zogula katundu anafotokoza momwe khonsolo ya mzinda imasankhira anthu ochita kafukufuku ndi omanga. Zitsanzo zambiri zinali za misewu ndi ngalande za mumzinda, koma zimenezi zisatigwetse ulesi, chifukwa makhonsolo a Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ya Luchenza pafupi pathu pano, komanso ya boma lathu, onse pa nkhani zogula katundu ndi kupereka ntchito amayang'aniridwa ndi bungwe limodzi la boma la PPDA, limene lidabwera ndi lamulo la 2017 m'malo mwa ofesi yakale ya ODPP.

Funso limene munandipatsira linali lakuti kodi khansala kapena phungu ali ndi mphamvu yosankha kontilakitala. Ndinalifunsa pagulu, ndipo yankho linali lakuti alibe. Makhansala amavomereza bajeti ndi ntchito zoyenera kugwiridwa, koma kusankha womanga kuli m'manja mwa komiti ya ogwira ntchito m'khonsolo yotchedwa IPDC, imene imadalira lipoti la kagulu kounika zikalata. Choncho wandale akalonjeza munthu ntchito yomanga, akulonjeza chinthu chimene lamulo silidamupatse.

Pa ntchito zikuluzikulu khonsolo imalengeza tenda m'nyuzipepala, ofuna ntchito amaponya maenvelopu omata m'bokosi, ndipo pa tsiku loikika bokosilo limatsegulidwa poyera, mayina ndi mitengo n'kuwerengedwa mokweza. Pa ntchito zazing'ono amangopempha mitengo kwa anthu osachepera atatu. Chimene ambiri sitidziwa ndi chakuti mtengo umayang'anidwa pomalizira. Oyamba kugwa ndi amene alibe chiphaso cha bizinesi, kalata ya MRA yosonyeza kuti amalipira msonkho, kapena chiphaso cha bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga cha gulu lolingana ndi kukula kwa ntchitoyo. Otsalawo amawaunika ngati adagwirapo ntchito yotere, ngati ali ndi injiniya ndi zipangizo, ndipo pakati pa amene apambana mayeso onsewa m'pamene amatenga wamtengo wotsika. N'chifukwa chake amisiri athu aluso, amene amamanga nyumba zolimba m'midzi muno, amalephera asanafike n'komwe pa mtengo: chimawagwetsa ndi mapepala.

Mbali imene ndikuona kuti ndiyo yatikhudza kwambiri ndi ya kafukufuku. Mlatho kapena ngalande isanamangidwe, khonsolo imatha kulemba akatswiri oyeza nthaka, kuchuluka kwa madzi ndi mmene ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe. Amenewa kawirikawiri amapereka maenvelopu awiri, ina yofotokoza luso ndi njira imene adzatsate, ina ya mtengo, ndipo ya mtengoyo siitsegulidwa kufikira ya luso itapatsidwa malikisi. Amene sanafike pa malikisi oikika amabwezeredwa envelopu yake ya mtengo ili chimatire. Zimene akatswiriwa alemba ndizo zimasanduka mapulani ndi mndandanda wa simenti, zitsulo ndi miyala umene womanga amawerengerapo mtengo wake. Tanthauzo lake n'lakuti mlatho ukachepa msinkhu pa pepala, ngakhale kontilakitala wokhulupirika adzaumanga wochepa, chifukwa amalipidwa potsatira pepalalo.

Apa ndinaimirira n'kunena kuti ife a m'tsinde mwa phiri tidaona mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, kuti mitsinje monga Ruo, Muloza ndi Likhubula ikadzaza imagubuduza miyala ndi mitengo yathunthu, ndipo katswiri wobwera m'chilimwe, madzi ali m'mawondo, sangazione zimenezi pokhapokha atafunsa anthu okhala m'mphepete mwa mtsinje. Injiniya wina anavomereza kuti kufunsa eni dera kukhoza kulembedwa m'zikalata zofotokoza ntchito ya katswiriyo, koma anati zimenezi zimayenera kupemphedwa tenda isanalengezedwe. M'maganizo anga, pamenepa ndi pamene takhala tikuchedwa: timakangana za dzina la womanga, pomwe zenizeni zidatha kale pa nthawi yoyeza.

Za madandaulo anakamba mwachidule. Pa ntchito za ndalama zambiri khonsolo imayenera kulengeza amene ikufuna kumupatsa ntchito n'kudikira kaye isanasayine mgwirizano, kuti wosakhutira adandaule, poyamba ku khonsolo komweko kenaka ku PPDA. Nkhani za ziphuphu zimapita ku ACB. Kunena zoona, gawo limeneli silinandikhutiritse, popeza munthu wa kumudzi sawerenga nyuzipepala tsiku ndi tsiku ndipo masiku odikirawo amatha iye osamva.

Kontilakitala salandira ndalama zonse nthawi imodzi. Amalipidwa pang'onopang'ono injiniya akatsimikizira gawo limene latha, ndipo ndalama zina zimasungidwa mpaka itadutsa nthawi yoona ngati chomangacho sichikung'aluka. Komiti yoyang'anira ntchito ya kuno kumudzi ikaona simenti ikuchepetsedwa, iyenera kulemba kalata injiniya asanasayine, osati kudandaula pamaliro ntchito itaperekedwa kale.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wotsatira tigwirizane zolembera Bwanamkubwa, kudzera kwa mkulu woona za zomangamanga, kuti pa ntchito iliyonse ya m'dera lathu komiti ino izipatsidwa kope la mapulani ndi mndandanda wa zipangizo, ndiponso kuti oyeza akamabwera azionana ndi mafumu ndi akuluakulu odziwa malire a madzi osefukira. Zikalata zimene anatigawira, pamodzi ndi malisiti a ndalama za ulendo, ndazisiya kwa mlembi wathu kuti aliyense wofuna aziwone.