Subaru WRX STI kapena Lancer Evolution: yoyenera misewu ya ku Kasungu ndi iti?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhe kudzera m'nyuzipepala yanu funso limene achinyamata akhala akubwera nalo ku galaja yanga kuno ku Kasungu, makamaka nyengo imene fodya wagulitsidwa ku Chinkhoma ndipo ndalama zili m'thumba. Amabwera ndi zithunzi za galimoto ziwiri pafoni, Subaru Impreza WRX STI ndi Mitsubishi Lancer Evolution X, n'kufunsa kuti aitanitse iti kuchokera ku Japan. Ine ndimawauza kuti atenge Subaru, ngakhale kuti mumtima mwanga ndimaikonda kwambiri Evolution, ndipo ndikufuna kufotokoza chifukwa chake.

Galimoto ziwirizi zinakula zikupikisana. WRX ndi Evolution yoyamba zonse zinatuluka mu 1992, ndipo zinapangidwira mipikisano ya m'misewu yafumbi. Colin McRae anatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1995 akuyendetsa Subaru, kenako Tommi Mäkinen anautenga zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 1996 mpaka 1999, ali mu Mitsubishi. Achinyamata akamva mbiri imeneyi amaganiza kuti galimotozi zingapirire msewu uliwonse, koma zimene zinkathamanga pa Safari Rally ku Kenya zinali zokwezedwa, zotchingidwa ndi zitsulo kunsi, ndiponso zinkatsatiridwa ndi gulu la amakaniko. Imene inu mudzalandire pa doko la Dar es Salaam n'kulowa nayo pa Songwe ndi yogwa pansi, yopangidwira phula losalala.

Pa mphamvu sizisiyana kwenikweni. Zonse zili ndi injini ya malita awiri yokhala ndi turbo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini kuti ikhale ndi mphamvu zochuluka, ndipo zonse zimakoka ndi matayala anayi. STI ya ku Japan ya 2007 ili ndi mphamvu ya mahatchi 308, pamene Evolution X inayamba ndi 280 chaka chomwecho. Pokhota, Evolution ndiyo imamvera chiwongolero mokoma, chifukwa kompyuta yake imagawira thayala lililonse lakumbuyo mphamvu yake. Koma ndi pati pamene munthu angayesere zimenezi pakati pa Kasungu ndi Lilongwe, pamene pa Madisi ndi pa Mponela msewu umadzaza ndi akabaza, ngolo, mbuzi ndi ana a sukulu?

Kusiyana kumene kumatikhudza ife kumaoneka galimoto ikakwera pa dzenje la galaja. Evolution ili ndi choziziritsira mpweya wa turbo kutsogolo, m'munsi kuseri kwa bampa, pomwe pamafikira mwala uliwonse wa msewu wa ku Chamama. Subaru inachiika pamwamba pa injini, n'chifukwa chake boneti yake ili ndi chibowo chija chimene ambiri amayesa chokongoletsera chabe. Nkhani ya giya nayo ndi yaikulu. STI ili ndi magiya asanu ndi limodzi osintha ndi dzanja, olimba, amene makaniko wodziwa ntchito angathe kuwamasula. Ma Evolution X ambiri amene amaoneka pa intaneti ali ndi giya yodzisintha yokha yotchedwa SST, ya makilatchi awiri, imene imafuna oyilo wakewake. Ina inagona pa galaja yanga miyezi inayi, fumbi litaikuta ndipo nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake, mwini wake akudikira chitsulo chimodzi kuchokera kunja. Mnyamatayo ankabwera Loweruka lililonse kudzaipukuta, ndipo ndinkamva chisoni kumuona akubwerera pa njinga ya kabaza. Kampani ya Mitsubishi inasiya kupanga Evolution mu 2016, choncho masipeya ake adzanka nasowa. Subaru ili ndi abale m'misewu mwathu, monga Forester ndi Impreza wamba, ndipo amakaniko athu anaizolowera injini yake ya EJ20.

Sindikunena kuti Subaru ilibe zovuta. Injini yake ndi yogona, masilinda awiri mbali iyi ndi awiri mbali inayo, moti kusintha mapulagi kokha kumasupula zala. Imayendera lamba wa timing amene ayenera kusinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, ndipo akaduka injini ikuyenda mavavu amapindika, pamene Evolution X imayendera tcheni. Aliyense wogula STI asinthe lambayo tsiku limene yafika, osakhulupirira zimene zalembedwa pa wotchi ya makilomita. Aziyang'ananso oyilo mlungu uliwonse, chifukwa injiniyi ikachepekedwa oyilo sichedwa kugogoda.

Chimene chimapha galimoto zonse ziwiri kuno ndi mafuta. Zinapangidwira petulo wa octane yapamwamba amene amagulitsidwa ku Japan, ndipo injini ya turbo ikamwa petulo wofooka amaphulika nthawi isanakwane mkati mwa silinda, mpaka pisitoni imasweka. Mafuta akasowa pa filing'i siteshoni, ambiri amathamangira a m'zigubu amene sadziwika kuti asakanizidwa ndi chiyani. Corolla ingapirire zimenezo kwa kanthawi, koma STI kapena Evolution ayi. Thanki ya Evolution X imalowa malita 55 okha, ndipo phazi likalemera amatha msanga modabwitsa.

Pa katundu, buti ya Evolution X ndi yaing'ono chifukwa anaikamo batire ndi thanki ya madzi otsukira galasi, pamene STI ya 2007 ya zitseko zisanu mukapinda mipando yakumbuyo thumba la chimanga limalowa bwinobwino popita kukaona makolo ku Santhe.

Ndikupempha amene atsimikiza kugula kuti asanatumize ndalama ayambe afunsa a MRA za msonkho, popeza umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndipo galimotozi tsopano ndi zakale. Asungenso ndalama ya matayala anayi ofanana, chifukwa pa galimoto yokoka ndi matayala onse kusakaniza latsopano ndi lakutha kumaononga magiya apakati. Amene ndalama yake ikungokwanira mtengo wa galimoto ndi msonkho, ndimamuuza kuti adikire kaye fodya wa chaka chamawa.

Makaniko wa galimoto,
Kasungu Boma