Apanjinga nafenso tipatseniko njira yathu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za njinga. Mphwanga amakhala ku Montreal m'dziko la Canada, dziko lalikulu zedi moti kuchoka ku Vancouver kukafika ku Halifax ndi makilomita opitirira 5,000, koma anthu amapalasa ndithu mtunda wonsewo miyezi iwiri kapena itatu, tenti ndi kapoto atamangirira pakaliyala. Koma chomwe chinandikhudza ine ndi cha mutauni, pa WhatsApp mphwangayo anandionetsa kanjira ka njinga zokhazokha kotchingidwa ndi simenti, galimoto singalowemo, ndipo kukagwa chipale chofewa (sinowo) amachotsa kuti anthu azipalasabe. Kulinso njinga zobwereka za BIXI zomwe zinayamba mu 2009, umatenga apa kukasiya uko.

Kuno ku Mzuzu njinga ndiye miyendo yathu, ma Sacramento (njinga za kabaza) amatinyamula kuchoka ku Chibavi mpaka kumsika, koma pa M1 timapalasa mtima uli m'mwamba. Mwezi watha ku Luwinga lole inandipanikizira kumbali ndinakagwera m'ngalande, tomato yense phwanyu, bondo likadali lotupa mpaka lero.

Inu a misewu, mukamakonza msewu tisiyireniko ngakhale mita imodzi ndi theka m'mbali, chonde.

Wapanjinga wodandaula,
Chibavi, Mzuzu