Lipoti la nthumwi pa msonkhano wa osonkhanitsa ndalama zachitsulo ndi zapepala ku Johannesburg

Kwa a Wapampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala onse,

Pa msonkhano wathu wa mwezi watha munandisankha kuti ndikaimire gulu lathu la Amalawi okhala kuno ku Johannesburg pa msonkhano wa anthu amene amasonkhanitsa ndalama zachitsulo ndi zapepala, ndipo munandituma kuti ndikaone ngati ntchito imeneyi ingathandize kalasi ya Loweruka ya ana athu, amene ambiri mwa iwo anabadwira kuno ndipo kwacha sanaigwirepo m'manja. Ndinapitako, ndinakhalako kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo malisiti a ndalama zoyendera ndapereka kale kwa a Msungichuma. Msonkhanowo unachitikira mu holo ina kumpoto kwa mzinda, momwe munali matebulo a ogulitsa m'mbali ndi malo a zokambirana chapakati.

Ndinapeza kuti osonkhanitsa ndalama ali ndi njira zosiyana. Ena amatsata dziko limodzi, ena amafuna ndalama ya chaka chilichonse popanda kudumpha, ndipo njira zimenezi zimadya ndalama zambiri chifukwa nthawi zonse pamakhala chaka china chosowa chimene ogulitsa amachikwezera mtengo. Njira yachitatu, imene zokambirana za tsikulo zinakhazikikapo, ndi yotsata chithunzi chimene chili pa ndalamayo: munthu amasankha mbalame, nsomba, zombo, njovu kapena nkhope za amayi, n'kumafunafuna chinthu chimenecho pa ndalama za dziko lililonse. Ine ndikuona kuti njira imeneyi ndi imene ikutiyenera, chifukwa imayamba ndi chenji cha m'thumba ndi timakobiri timene tili m'zitini kumudzi, komanso chifukwa mwana amayamba waona chithunzi asanafunse za chaka.

Mayi wina wachikulire, amene amasonkhanitsa ndalama za mbalame zokhazokha, atamva kuti ndine Mmalawi anatsegula tsamba limodzi la buku lake n'kundiuza kuti ndiyang'ane bwino. Tsamba lonselo linali la nkhwazi. Pamwamba panali ndalama ya masheleni awiri ya nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pomwe nkhwazi yatambasula mapiko itagwira nsomba ndi zikhadabo. Pansi pake panali ka 2c ka South Africa, kamene anasiya kupanga mu 2002, kenako ndalama zapepala za ku Zambia zimene zimakhala ndi nkhwazi kumaso, ndipo pomalizira K1 yathu yachitsulo. Mayiwo anandipatsa galasi lokulitsira zinthu nandionetsa kuti pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi palinso nkhwazi, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake, kotero kuti ndalama iliyonse yathu yokhala ndi chizindikirocho ili ndi mbalameyi ngakhale ili yaing'ono kwambiri. Ndikuvomereza pamaso panu kuti ndagwiritsa ntchito ndalama zimenezi kwa zaka zambiri osaiona nkhwazi imeneyo.

Nkhani ya tambala ndiyo inandikhudza kwambiri, ndipo ndipempha kuti mundilole ndiitalikitse pang'ono. Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, ndalama zachitsulo zoyamba zinali ndi nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda mbali imodzi, ndipo mbali inayo ya ndalama ya mapeni asanu ndi limodzi panali tambala, pa sheleni panali chimanga, pa masheleni awiri panali njovu ndi mwana wake. Kwacha itabwera mu 1971 kulowa m'malo mwa paundi, pa mtengo wa makwacha awiri pa paundi imodzi, zithunzi zimenezi zinapitirira: tambala anakhala pa 1 tambala, chimanga pa 10 tambala ndipo njovu pa 20 tambala. Tambala ameneyu sanali nkhuku wamba, popeza tambala wakuda ndi chizindikiro cha chipani cha Malawi Congress, chimene chinali chipani chokhacho chololedwa m'dziko. Ulamuliro utasintha mu 1994, tambala anachoka pa ndalama: pa 1 tambala panabwera nsomba ziwiri, ndipo pa K1, pomwe panalinso tambala, panabwera nkhwazi. Dzina lokha ndi limene linatsala, moti mpaka lero kwacha imodzi ndi matambala 100 ngakhale palibenso chimene munthu angagule ndi tambala. Munthu akaika ndalama zinayi zimenezi pamzere umodzi, mwana atha kufunsa yekha kuti nkhukuyo inapita kuti, ndipo yankho lake ndi mbiri yonse ya riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994.

Njovu yokha sinasunthe. Inalipo pa kobiri loboola pakati la nthawi ya chitaganya, limene agogo athu ena amalikumbukira, inalipo mu 1964 ndi mu 1971, ilipo pa K10 yachitsulo ya 2012 komanso kumbuyo kwa K50 yapepala imene ikusonyeza nkhalango ya Kasungu, ndipo kuno tikuiona tsiku ndi tsiku pa R20.

Pa zokambirana za masana, mkulu wina anafotokoza mbiri ya zithunzi za pa randi, ndipo ndinaona kuti ikufanana ndi yathu m'njira zingapo. Randi inayamba pa 14 February 1961, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 ndalama zapepala zinali ndi nkhope imene anthu ankati ndi ya Jan van Riebeeck, amene anafika ku Cape mu 1652, ngakhale akatswiri ambiri tsopano amati chithunzicho chinali cha munthu wina wa ku Netherlands, Bartholomeus Vermuyden. Kuyambira mu 1992, pamene ulamuliro wa tsankho unali kutha, nkhope imeneyo inachotsedwa ndipo m'malo mwake munalowa nyama zisanu: chipembere pa R10, njovu pa R20, mkango pa R50, njati pa R100 ndi kambuku pa R200. Mkuluyo anati nyama zinasankhidwa chifukwa panalibe mtundu kapena chipani chimene chikanakangana nazo, ndipo ine ndinakumbukira nsomba ndi nkhwazi zathu zija. Nkhope ya Nelson Mandela inabwera mu 2012, nyamazo n'kupita kumbuyo. Mu 2018, pokumbukira zaka 100 chibadwire Mandela, panatuluka ndalama zapadera zosonyeza malo a moyo wake, kuyambira kwawo ku Eastern Cape pa R10, nyumba ya ku Soweto pa R20, malo amene anagwidwira pafupi ndi Howick pa R50, ndende ya ku Robben Island pa R100, mpaka nyumba za boma za Union Buildings ku Pretoria pa R200. Zimenezi zikupezekabe mwa apo ndi apo m'chenji cha m'masitolo, ndipo amene angazione asazigwiritse ntchito msanga. Mu 2023 nyama zija zinajambulidwanso zili ndi ana awo, ndipo ndalama zachitsulo zinasinthanso: njuchi inalowa pa 10c, nyama ya springbok inachoka pa R1 kupita pa R2 pomwe panali nyama ya ngoma, ndipo namgumi analowa m'malo mwa nyumbu pa R5.

Ataona kuti ndikulemba kwambiri, anandipempha kuti ndinenepo za ndalama zapepala za kwathu, ndipo ndinayankhula mwachidule m'dzina lanu. Ndinawauza kuti nkhope ya Kamuzu inatsatidwa ndi ya Bakili Muluzi, kenako kuyambira mu 1997 panabwera John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, amene anatsogolera kuukira atsamunda mu January 1915. Ndinawaonetsanso ndalama za 2012 zimene ndinabwereka kwa a Mlembi: Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II pa K20, Inkosi ya Makhosi Gomani II pa K50, James Frederick Sangala pa K100, Rose Chibambo pa K200, Chilembwe pa K500 ndi Kamuzu pa K1000. Chimene chinawakopa kwambiri ndi K200, chifukwa panali bambo wina amene amasonkhanitsa ndalama zokhala ndi nkhope za amayi omwe si mafumukazi, ndipo anadabwa kumva kuti Mayi Chibambo anaikidwa pa ndalama adakali ndi moyo, popeza anamwalira mu 2016. Ena anachita chidwi ndi kumbuyo kwake, monga damu la Mulunguzi la ku Zomba pa K500, nkhokwe za chimanga za ku Mzuzu pa K1000 ndi nyumba ya malamulo ya ku Lilongwe pa K200. Apa ndinazindikira kuti ndalama zimene ife timazinyoza kuti zatha mphamvu, kuno zili ndi ozifuna, makamaka zikakhala zatsopano zosapindidwa, ndipo angapo anati ali okonzeka kusinthana nafe ndi ndalama za ku Botswana, Mozambique ndi Zimbabwe.

Pali cholakwa chimodzi chimene ndinachita ndekha ndipo ndi bwino ndichinene kuti wina asachibwereze. Usiku wa Lachisanu ndinatenga 20 tambala ya 1971 imene malemu bambo anga anandisiyira, ndinaikwecha ndi phulusa ndi mandimu monga timachitira ndi mapoto, mpaka inawala, poganiza kuti ndikaonetse chinthu chooneka bwino. Wogulitsa wina ataiika pansi pa galasi anapukusa mutu nandionetsa timizere tambirimbiri todutsa pa msana wa njovu, n'kunena kuti kuda kumene ndinachotsako ndi kumene osonkhanitsa amakulemekeza, ndipo kuti timizereto sitingafufutikenso. Malangizo awo ndi akuti ndalama yachitsulo isatsukidwe, igwiridwe m'mphepete ndi zala zouma, ndipo isungidwe payokha m'kathumba kopangidwira ntchitoyi, chifukwa mapulasitiki ena ofewa amaichititsa dzimbiri lobiriwira. Yapepala isapindidwe, isamangidwe ndi labala, isabooledwe ndi sitepula ndipo isamatidwe mu pulasitiki yotenthetsa ngati chiphaso.

Ndiyeneranso kuyankha funso limene mamembala angapo anandinong'oneza ndisanapite, lokhudza R5 ya Mandela imene mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook amati ingagulitsidwe pa mtengo wogulira galimoto. Ndinafunsa ogulitsa atatu paokhapaokha ndipo onse anayankha mofanana. Ndalama za R5 zokhala ndi nkhope ya Mandela, za mu 2000, 2008 ndi 2018, zinapangidwa zochuluka kwambiri kuti anthu azigulira zinthu, ndipo imene yadutsa m'manja mwa anthu ndi m'matakisi mtengo wake ndi R5 basi. Banki yaikulu ya dziko lino nayonso inanena poyera kuti sigula ndalama zoterezi kwa anthu. Zimene zimakwera mtengo ndi zochepa zimene sizinagwiritsidwepo ntchito ndipo zinapimidwa ndi akatswiri n'kutsekeredwa m'kabokosi. Amene akukulonjezani wogula koma akufuna kuti muyambe mwalipira ndalama yolembetsera, ameneyo ndi wakuba. Choncho gulu lisalowe mu ntchitoyi ndi maganizo a phindu, ndipo thumba lathu la maliro lisakhudzidwe ngakhale pang'ono.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti tiyambe ndi mitu iwiri yokha, njovu ndi nkhwazi, chifukwa zonse zili pa ndalama za kwathu ndi za kuno ndipo zambiri sizifuna kugula. Tsamba la tambala ndilikonza ndekha, popeza likufunika kufotokozedwa mosamala kuti lisasanduke mkangano wa zipani m'kalasi ya ana, ndipo ndidzalionetsa kaye kwa a Wapampando. Pansi pa ndalama iliyonse ana azilemba okha m'Chichewa dzina la nyama, dziko ndi chaka, ndipo aphunzitsi athu a Loweruka anena kale kuti angathe kuika zimenezi m'maphunziro awo. Chofunika kugula ndi buku limodzi losungiramo, timatumba ndi galasi limodzi, ndipo mitengo imene ndinalemba pa matebulo awiri ndaiphatikiza ndi malisiti aja kuti komiti ione yokha.

Ndikupemphanso mamembala amene akupita kumudzi pa Khirisimasi kuti akafunse makolo za makobiri akale amene ali m'zitini ndi m'masutikesi, makamaka kobiri loboola lija, 1 tambala ya tambala ndi ya nsomba, komanso K1 yachitsulo ya mtundu uliwonse. Akawapeza asawatsuke, awakulunge m'kapepala lililonse palokha, ndipo alembe dzina la mudzi umene achokera. Mayi wa mbalame uja anavomera kudzaonetsa ana tsamba lake la nkhwazi ngati timuitana, ndipo ndikudikira kuti komiti indiuze Loweruka limene holo yathu ya ku Rosettenville idzakhale yopanda msonkhano wina kuti ndikamuuze.

Ine nthumwi yanu.