Chigamba chako chitumizenso

Mangochi

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mpongozi wanga ndi adzukulu. Kuno tadzuka, koma mwera wavuta. Asodzi atha masiku atatu osalowa panyanja, ndiye usipa wakwera mtengo.

Zija unandiuza pafoni Lamulungu zandisowetsa tulo. Unati unakonza vuto lina mu Koha, pulogalamu imene mumasungira mabuku ku laibulale ya kuntchito kwanu, unatumiza chigamba chakocho, kutanthauza zimene unalemba zokonzera vutolo, kwa osamalira pulogalamuyo, ndipo achibweza kawiri kuti ukonzenso. Mawu ako anali a munthu wogwa mphwayi. Unati basi, uzingochigwiritsa ntchito wekha. Ine ndikuti ayi mwananga, chitumizenso.

Kodi waiwala mbiri imene unandifotokozera wekha pakhonde pano? Mu 1999, malaibulale a ku Horowhenua, ku New Zealand, anaona kuti pulogalamu yawo yakale idzawavuta polowa chaka cha 2000. Anapempha kampani ya Katipo Communications kuti iwalembere ina, ndipo amene anagwira ntchito yaikulu yolemba ndi Chris Cormack. Pofika Januwale 2000 inali itayamba kugwira ntchito. Akanatha kuitsekera m'nyumba n'kumagulitsa, koma anaimasula kuti aliyense atenge, akonze, agawireko ena. Anaitcha Koha, mawu a Chimaori, chilankhulo cha eni nthaka a ku New Zealand, otanthauza mphatso. Kenako kunabwera Paul Poulain wa ku France amene anathandiza kuti izigwiranso ntchito m'zilankhulo zina, enanso nkumaikapo manja awo, mpaka inafika m'masukulu a ukachenjede a kuno kwathu. Anthu amenewa sakukudziwa, koma malipiro ako a mwezi ndi mwezi akudutsira pa thukuta lawo. Kupatsa n'kuika, iwo anaika, iwe wapeza.

Ine ndinasunga mabuku a sukulu zaka zambiri ndi kaundula wolemba pamanja. Chaka china denga linadontha, kaundula yense n'kunyowa, inki n'kusungunuka. Sindinadziwenso kuti buku liti lili kwa mwana uti, ndipo ambiri sanabwerere. Ana a chaka chotsatira ankaunjikana asanu pa buku limodzi. Mpaka lero zimandiwawa. Choncho ukandiuza kuti pali anthu amene salola kanthu kulowa m'pulogalamu yosunga mabuku asanakayese, ine ndimawathokoza.

Unandiuza kuti wolemba chigamba saloledwa kudzivomereza yekha. Wina amayamba wachiyesa n'kusainira, kenako gulu loona za ubwino wa ntchito limachiunikanso, pomaliza woyang'anira kutulutsa pulogalamu ndiye amachilowetsa. Nanga si momwemonso kugombe kuno? Wosoka ukonde akamaliza, mwini wake amakoka mfundo iliyonse asanauike m'bwato, chifukwa bowo limodzi litha kuthawitsa nsomba za usiku wonse. Wokokayo sakunyoza wosoka ayi. Werenga bwino zimene akulemberazo, funsa pamene sunamve, ndipo uyankhe mwaulemu monga tinakulerera.

Ganiziranso izi. Koha yatsopano imatuluka kawiri pachaka, mu Meyi ndi mu Novembala. Chigamba chako ukachisunga wekha, nthawi iliyonse imene mukuika yatsopano uzichisokereranso, ndipo tsiku limene udzachoke pantchitopo, wolowa m'malo mwako sadzadziwa poyambira. Koma chikalandiridwa, anzako a maiko ena adzachisamalira limodzi ndi zina zonse, ndipo dzina lako lidzalembedwa pamndandanda wa othandiza. Ndikanakonda kuliona dzina la kwathu pamenepo maso anga asanachite khungu.

Podikira yankho lawo, yesako zigamba za ena, nawonso ali pamzere ngati iwe. Koma usachite zonsezi usiku wokhawokha, ana akugona osaona bambo awo, ndalama ya ndiwo ikuthera ku bandulo. Kambirana ndi abwana ako kuti maola ena a kuntchito apite kumeneko, poti laibulale yawo ndi imene ikupindula.

Ngati pali mawu a m'pulogalamumo ofunika kuwamasulira m'Chichewa, nditumizire pa WhatsApp, nthawi ndili nayo. Mayi ako akuti akutumizira chambo chowamba pa minibasi ya Lachisanu, ukadikire kudepoti masana.

Ndine bambo ako.