Zombie si nyimbo ya satana, ndi nyimbo ya maliro

A Mkonzi,

Ndiloleni nditulutse zimene zandikhala kukhosi kuyambira Lachisanu lapitali. Ndinali m'minibasi yochokera ku Area 25 kupita m'tauni pamene pa wailesi panalira Zombie, nyimbo ya gulu la The Cranberries. Mayi ena achikulire amene ndinakhala nawo mpando umodzi anauza a dalaivala kuti azimitse, ati ndi nyimbo za satana. Anazimitsadi. Ine ndinangoti chete, poti munthu sukangana ndi kholo pagulu, koma mtima unandiwawa mpaka kukatsika kudepoti.

Mayiwo sindikuwadzudzula. Gitala wake ndi waukali, woyimbayo amakuwa ngati wolira pamanda, ndipo mawu akuti zombie kwa ife ndi ndondocha. Ndani angakonde nyimbo ya ndondocha? Koma tamvani kumene inachokera.

Pa 20 Malichi 1993, gulu lankhondo la IRA, lomwe linkafuna kuti dera la Northern Ireland lichoke m'manja mwa Britain, linatchera mabomba m'mabini a zinyalala pamsewu wa masitolo m'tauni ya Warrington ku England. Johnathan Ball, mwana wa zaka 3, anafera pomwepo. Tim Parry, wa zaka 12, anamwalira m'chipatala patapita masiku asanu. Dolores O'Riordan, woyimba wa The Cranberries, anali wa ku Ireland, dziko lomwe otchera mabombawo ankati akulimenyera nkhondo. Iye anakana kuti ana aziphedwa m'dzina lake, n'kupeka nyimboyi, yomwe inatuluka mu 1994 m'chimbale cha No Need to Argue. Ndondocha zomwe akunena ndi anthu amene mitu yawo inamangidwa ndi udani wa makolo awo kuchokera mu 1916 (chaka chomwe anthu a ku Ireland anaukira ulamuliro wa Britain), ongoyenda kukapha osaganiza. Ife amene timadziwa kuti ndondocha ndi munthu wolandidwa nzeru ndi lilime, wongogwira ntchito ya mwini wake, tinayenera kuimvetsa nyimboyi kuposa azungu.

Gulu la The Cranberries linayamba mu 1989 ku Limerick, anyamata apachibale Noel ndi Mike Hogan pa magitala, Fergal Lawler pa ng'oma. Dolores anabwera mu 1990 ali mtsikana wa kumudzi, woleredwa m'banja lachikatolika, wozolowera kuyimba ndi kuliza limba m'tchalitchi. Atakula anakayimbanso ku Vatican pa chikondwerero cha Khrisimasi. Ameneyo ndiye wa satana?

Ndipo nyimbo zawo zambiri si zaphokoso ayi. Linger ndi Dreams, za m'chimbale choyamba cha 1993, ndi zofatsa, za mtsikana amene chikondi chamusokoneza. Ode to My Family ndi ya munthu amene watchuka koma akulakalaka kwawo, bambo ake ndi mayi ake. Imeneyi ndimaimvera ndikasowa kumudzi, ine amene ndakhalitsa m'tauni muno.

Dolores anamwalira ku London pa 15 Januwale 2018 ali ndi zaka 46. Anzake atatu aja anamalizitsa nyimbo zomwe anasiya atajambulako mawu, n'kutulutsa chimbale cha In the End mu 2019, basi gulu n'kutha. Sanafune kuika wina pamalo pake. Ulemu umenewu ndi wosowa.

Pempho langa likupita kwa owulutsa mawu a m'mawailesi athu. Mukamaika nyimbo za rock, musamangoti imvani iyi kenaka n'kupita kukawerenga mauthenga a moni. Mawu awiri atatu m'Chichewa, kunena kuti nyimboyi ikulira ana awiri ophedwa ndi bomba, sangakudyereni nthawi. Omvera ambiri Chingerezi cha ku Ireland sachigwira, amangomva phokoso n'kuweruza. Tili ndi achinyamata muno mu Lilongwe amene amabisa nyimbo zotere m'mafoni kuopa kuti kunyumba kapena kutchalitchi awanena kuti alowa zachilendo.

Mayi a m'minibasi aja, ngati kalatayi ingakupezeni: pepani kuti sindinakufotokozereni tsiku lija. Mwana wamng'ono uja anafa akukagulira mayi ake khadi, poti mawa lake linali tsiku la anakubala kumeneko.

Ine wanu,
Wokonda nyimbo,
Area 25, Lilongwe