Kalata kwa mwana wanga: usagule tayala limodzi

Wokondedwa mwana wanga,

Ndakondwera kumva kuti wagula galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, imene amaitcha AWD. Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe kalatayi ndi mawu ako aja, akuti ukufuna kusintha tayala limodzi lokha poti atatu enawo akadali ndi mano.

M'galimoto yotereyi mphamvu ya injini ikatuluka m'giyabokosi imafika pa chipangizo chimene chimaigawa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo chipangizocho chimalola kuti matayalawo asiyane kazungulidwe kwa kanthawi, monga pokhota kapena poterera. Tayala latsopano limakulirapo pang'ono kuposa lakutha, motero pa mtunda womwewo limazungulira kochepa. Ukalisakaniza ndi akale, chogawa mphamvu chija chimalimbana ndi kusiyanako ulendo wonse, ngakhale pa msewu woongoka, ndipo chimatentha mpaka kuperepeseka. Ine ndinazidziwa izi mochedwa, makaniko atanditambasulira zitsulo zopserera pa chiguduli, ndalama yokonzetsera itaposa ya matayala amene ndinkaumira aja. Gula onse anayi a mtundu umodzi ndi saizi imodzi, uziwapopa mpweya umene opanga galimotoyo analemba, ndipo uziwasinthanitsa malo ukayenda makilomita pafupifupi 10,000. Pa chifukwa chomwechi, ikadzakufera panjira usadzalole kuti aikoke matayala awiri ali m'mwamba, awiri akugudubuzika pansi. Ainyamule yonse pa lole.

Poti yako ndi ya otomatiki, ndodo ya magiya uziigwira modekha. Usachoke pa D (giya yopitira kutsogolo) kupita pa R (yobwerera m'mbuyo) galimoto isanaimiretu. Poimika pamtsetse, ponda buleki, koka handibuleki, ulole kulemera kwa galimoto kukhazikike pa handibulekiyo, kenako uike ndodo pa P (poimikira galimoto). Chimene chimagwira galimoto pa P ndi kachitsulo kakang'ono kokola giya m'kati mwa giyabokosi, ndipo kugogoda kumene umamva pochotsa ndodo pamtsetse ndi kachitsuloko kakumasuka movutikira.

Ambiri amakumbukira oyilo wa injini yekha, chikhalirecho giyabokosi ndi madifu (magiya ogawa mphamvu pakati pa tayala lakumanzere ndi lakumanja) nazonso zili ndi wake. Tsegula buku la galimotoyo uone ngati giyabokosi yako ndi ya mtundu wina wa otomatiki wotchedwa CVT, chifukwa oyilo wake ndi wosiyana ndi ATF, oyilo wa giyabokosi ya otomatiki wamba, ndipo wina akakuuza kuti oyilo ndi oyilo basi, usamusiyire makiyi. ATF wabwino nthawi zambiri amakhala wofiira. Akada n'kumanunkha kupserera, wafika posinthidwa. Ukawoloka madzi akuya, kaonetse oyilo wa m'madifu, ndipo akatuluka wotuwa ngati mkaka, ndiye kuti madzi alowa, amukhuthule tsiku lomwelo.

Undiuze saizi yolembedwa m'mbali mwa matayalawo usanapite kukagula. Amayi ako akupereka moni.

Ndine,
Bambo ako